Pansi pa Nyumba ya Matumba

Zaka za nkhondo

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa mulibe chimene mungatolemo kupatula matekenya ndi kuba mbatatesi m'munda mwa atsibweni. Ndiyambira tsiku limene ndinalowa mu ofesi ya zomangamanga kuno ku Lichinga, nditavala malaya obwereka, kolala ikundikanda m'khosi. Anandilemba ntchito ya udezenyadori, ndiye kuti wojambula mapulani a nyumba. Abwana anga oyamba anali Sinyoro Matiasi, munthu wamfupi wa fodya wosazima, amene ankayeza munthu poona mmene wasongolera pensulo. Anatenga yanga, kuiyang'ana, n'kuiponya pawindo. "Iwe mnyamata, mzere ndi lumbiro," anatero. "Ukajambula chimene kulibe, wanama. Ukasiya chimene chilipo, waba." Mawu amenewo ndinawameza osatafuna, ndipo ndi amene anandisandutsa munthu wovuta amene mwakula naye uja, wodzuka pampando kukawongola kalendala m'nyumba ya eni.

Nthawi imeneyo chilichonse chinali chosowa. Inki ikatsala pang'ono tinkathiramo madzi mpaka mizere kumaoneka ngati yodwala. Pepala limodzi tinkalipala ndi lezala, kujambulapo, kulipalanso, mpaka dzanja kumaonekera kuseri. M'miyezi yozizira zala zinkauma, ndipo tinkayamba taziwotha pa ndudu ya abwana tisanagwire legwa, rula yathu yojambulira mizere. Kumanga kunalibe. Ntchito yathu inali kuyeza nyumba zakale kuti akuluakulu adziwe pamene angaunjike anthu othawa nkhondo, amene ankalowa m'tauni tsiku ndi tsiku ndi mitolo pamutu.

Ndi mmene ndinaidziwira Nyumba ya Matumba. Inali nkhokwe yaikulu imene Apwitikizi anamanga kuti azisungiramo chimanga ndi nyemba: makoma a miyala okhuthala, mizati ya njerwa iwiriiwiri kuchoka kukhomo mpaka kumapeto, timawindo m'mwamba pafupi ndi denga. Pansi anangoyala njerwa padothi, popanda simenti. Pamene Sinyoro Matiasi anandituma kukaiyeza, munali mutadzaza amayi ndi ana ochokera mbali ya ku Chimbonila ndi midzi ya kupitirira apo. Amuna analimo ochepa, nawonso okalamba, ndipo ankagona m'khonde. Nditafika pakhomo ndi tepi yanga, amayi awiri anaima kutsekereza njira.

"Yezani kunja, bambo," anatero mmodzi. "Mkati muli odwala."

"Ndatumidwa ndi boma, amayi."

"Boma likayeze kunja."

Ndinayeza kunja. Pulani yanga inatuluka ndi makoma okhaokha, mkati muli yeretu, ndipo abwana anandikalipira mpaka fodya kugwa pakamwa. Koma chimene chinanditsalira m'mutu si kukalipa kwawo. Ndi chete wa nyumba ija. Ndinazungulira makoma onse masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali thithithi mkatimo, koma sindinamve mwana kulira kapena mayi kuyimba.

Mtendere utabwera

Ananditumiza ku Cuamba zaka zingapo, kumene ndinaphunzira kuti thukuta nalo limafufuta inki. Za kumeneko ndidzalemba pena. Pobwerera ku Lichinga nkhondo inali itatha, Sinyoro Matiasi atamwalira, ndipo Nyumba ya Matumba inali bululu. Amene ankakhalamo ena anabwerera kumidzi, ena anali atapitirira kale ku Malawi njala itakula. Kunabwera lamulo lakuti tiikemo simenti pansi kuti musungidwe mbewu. Simenti imene anatipatsa sinali yokwanira ngakhale theka la nyumbayo, ndiye tinangopaka pamwamba pa njerwa, yopyapyala ngati khungu la anyezi. Ndikukumbukira kuti malo ena njerwa zinali zitakhala mopingasa, ngati wina anazizula n'kuzibwezera asakudziwa ntchito yomanga. Ndinatukwana chiswe ndi makoswe, tinapaka simenti, tinapita.

Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu, Luisa. Anali atangobwerako ku Malawi, akugulitsa nyemba pamsika wa ku Chiuaula, ndipo anandikopa chifukwa ankadzaza chitini mpaka mulingo weniweni, osachotsera ndi chala. Ndinkadziwa kuti anali ndi mwamuna woyamba, amene anatengedwa panjira nthawi ya nkhondo osabweranso. Nditafunsa za ana anangoti, "Palibe," ine n'kusiya pomwepo. Tinamanga ku Sanjala, inu n'kubadwa, woyamba Tomé. M'zaka zonsezo amayi anu sankadutsa msewu wa ku Nyumba ya Matumba. Ankati kuli fumbi. Ine ndinkawaseka kuti akutalikitsa ulendo pachabe, poti mu Lichinga mulibe msewu wopanda fumbi lofiira.

Chaka cha makina

Nditatsala pang'ono kupuma ntchito, kunabwera ganizo lokonza nyumba zakale za m'tauni kuti zisagwe. Nyumba ya Matumba inali yoyamba pamzere, chifukwa denga linali litayamba kugonja ndipo chinyezi chinkakwera makoma kuchokera pansi. Ankafuna idzakhale malo osungiramo zinthu zakale ndi kuchitiramo misonkhano. Woyang'anira ntchitoyo anali Injinyera Amélia, mayi wa ku Nampula, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Anabwera ndi kandege kopanda munthu kojambulira denga, ndiponso makina a miyendo itatu amene ankawatcha sikana. Makinawa umawaimika pakati pa nyumba, mutu wake n'kumazungulira wokha ukuponya kuwala kosaoneka ndi maso. Paliponse pamene kuwalako kwagunda amalemba kadontho, ndipo timadonthoto tikachuluka, nyumba yonse imaima mu kompyuta, mng'alu uliwonse, msomali uliwonse.

Ndinadana nawo makinawo sabata yoyamba. Zimene ndinkayeza mwezi wathunthu, iwo ankamaliza ndisanamwe tiyi. Koma Injinyera anandikakamiza. "Sinyoro Anastasio, makina amaona, koma sadziwa chimene aona. Khalani apa, muphunzire." Ndinaphunzira, magalasi ali pamphuno, chala chimodzi chikujompha mabatani ngati nkhuku. Mapeto ake ndinawakonda, chifukwa ndinapeza mnzanga amene sanama ndiponso sasiya kanthu. Ndinadziuza kuti iyi ndiyo ntchito imene ndidzasiyire dzina. Nyumba ya mu kompyutayo inali yoti itumizidwe kulikulu, isungidwe mpaka kale, aliyense wofuna aziiona ngakhale pafoni.

Tinayeza mkati m'mawa wina wa nkhungu, ija imatsika m'mapaini n'kumeza tauni yonse. Poyeza, aliyense amayenera kutuluka, chifukwa munthu akayenda makina akuzungulira, amatuluka pachithunzi ngati utsi, wopanda nkhope. Ife pantchito tinkangoti mizukwa, ndipo kuifufuta inali ntchito yanga. Masana ndikuyeretsa chithunzicho ndinapeza mzukwa umodzi pakhomo lalikulu. Unali wa mzimayi, utaima kunja kwa khomo, mutu utaweramira pansi, mikono ili ngati yanyamula kanthu. Chonsecho sindinaone munthu aliyense m'mawa uja. Madzulo amayi anu anandiuza kuti anali iwo. Ndinaiwala chakudya, anandilondola nacho, koma atafika pakhomo anabwerera.

"Bwanji simunaitane, amake Tomé?"

"Munali otanganidwa."

Chimene chinkamuvuta Injinyera chinali chinyezi. Anandiuza kuti ndipake mitundu pansi pa nyumbayo mu kompyuta: pokwera pafiire, pofanana pabiriwire, pamene patsika pakhale pabuluu. Ndi maso pansi paja pankaoneka bwinobwino, simenti yathu yakale ija, yong'aluka mwa apo ndi apo. Koma mitundu itabwera ndinaona zina. Pansi ponse panali timadontho tabuluu, tambirimbiri, kalikonse kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, kozungulira bwino m'mbali. Tina m'mphepete mwa makoma, tina patsinde pa mizati, tina pakati penipeni. Panatsika pang'ono kwambiri, mwina kukhuthala kwa chikhadabo, koma simenti yopyapyala ija inatsatira dothi mokhulupirika. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, poganiza kuti makina asokonezeka. Timadontho tija tinabweranso pamalo pomwepo.

Injinyera anati mwina ndi ngalande za chiswe kapena madzi apansi. Mulimonsemo, pulani inali yakuti Lolemba lotsatira abwere amuna ndi mapiki, aswe pansi ponse, akumbe mpaka m'mawondo, aike miyala ndi mapaipi ochotsa madzi, kenaka konkire. Zinayenera kutha mvula isanayambe, apo ayi makoma akanamwanso madzi chaka china ndipo denga silikanadikira.

Loweruka ndinapita nayo kompyuta kunyumba, mwamatama, kuti amayi anu aone zimene mwamuna wawo wokalamba waphunzira. Anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinawazunguliritsa nyumba yonse, denga, mizati, iwo akungoti "ee, ee." Nditatsegula chithunzi cha mitundu chija, lichero linapendekeka, nyemba n'kumwazika. Anavula kapulana, chitenje cha paphewa, n'kuphimba kompyutayo ngati mmene timaphimbira munthu.

"Waona ndani zimenezi?"

"Ine ndi Injinyera."

"Amuna ena?"

"Ayi. Kodi n'chiyani, amake Tomé?"

Analankhula akuyang'ana kumunda, osati kwa ine. "Inu mukudziwa mwambo wa nthayo. Mwana akabwera wosalira, kapena akapita asanatulutsidwe m'chikuta, sasemeredwa bokosi, saliridwa, sawerengedwa. Timakamuika amayi okhaokha, pakadzenje kosazama, kuti mayi wake adzaberekenso. Mwamuna sapitako, sauzidwa ndi malo omwe. Ndiye nthawi ija tikanapita kuti? Kutchire kunali mfuti. Kumanda a m'tauni ankakumba ndi amuna, mozama. Njala inali itatidya, mimba sizinkakhala. Tinkazula njerwa ndi manja, ena ataima pakhomo. Tinkagona pomwepo, pamwamba pawo, kuti asazizidwe." Anatola nyemba imodzi n'kuiponya m'lichero. "Inenso m'nyumba imeneyo ndinalowa ndili ndi pakati. Ku Malawi ndinapita manja lendelende."

Ana anga, ndinali nditagona mphasa imodzi ndi munthu ameneyu zaka zonse zija. Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi ngati ndasuzumira kumene amayi akusamba. Ndinakumbukira amayi awiri aja pakhomo, ndi chete uja, ndi njerwa zopingasa zimene ndinanamizira makoswe.

"Lolemba akumba," ndinatero.

"Asakumbe."

"Ndiye ndilembe mu lipoti kuti muli manda."

"Musalembe. Mukalemba kubwera apolisi, a chipatala, a wailesi, onse amuna, ndi mafosholo ndi makamera. Adzawafukula, kuwawerenga, kukawaika pamodzi m'dzenje lakuya. Ena mwa amayi aja alipo, ku Chiuaula, ku Chimbonila. Ali ndi ana aakazi amene akubereka. Mukufuna afe ndi mantha?"

Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Kukhala chete kunali kulola mapiki. Kulankhula kunali kuitana mafosholo. Ndinaganizako zosintha manambala kuti pansi paoneke polimba, posafunika kukumba, koma chinyezi chikanapitirira ndipo nyumba ikanadzawagwera omwewo. Komanso dzanja langa silinajambulepo chimene kulibe. Nzeru inandibwerera tikutuluka, nditaona amayi a chigwirizano atapatukira pansi pa mtengo kukamba zawo, amuna tikudutsa patali. Nkhani iyi sinali yoti ine ndiinene. Koma amene ankalamula mapikiwo anali mzimayi.

Lolemba ndinamupeza Injinyera pakhomo pa nyumbayo, amuna a mapiki akuwotha moto panja.

"Injinyera, pepani, aimitseni kaye anthuwa. Pali nkhani, koma si ya pakamwa pa mwamuna."

Anaseka. "Sinyoro Anastasio, mwayamba liti miyambi? Mvula siyembekeza."

"Ndikudziwa. Akazi anga ali apo ndi anzawo. Muwamvere, chonde."

Anandiyang'ana, kuseka n'kutha. Amayi anu anabwera ndi amayi ena awiri okalamba, mmodzi Myao wa mpango woyera kumutu, amene anangoti "Asalamu aleikumu" n'kudutsa osandiyang'ana. Anavula nsapato pakhomo, Injinyera naye anavula majombo ake, chitseko n'kutsekedwa. Ine ndinakhala pamwala ndi amuna a mapiki, amene ankandifunsa chachitika n'chiyani, ine n'kumati sindikudziwa. Zimene zinakambidwa mkatimo sindinazimve ndipo sindinafunsepo. Potuluka, Injinyera maso anali ofiira. Anawauza amuna aja kuti akayambe kukumba ngalande kunja, kuzungulira makoma.

Sabata imeneyo tinajambula pulani ina. Madzi tinawatsekera kunja ndi ngalande. Mkati tinaganiza zoyala pansi pa matabwa a paini wa konkuno, pokwezeka, mitanda yake itatsamira pamakoma ndi patsinde pa mizati, osakhudza simenti yakale. Mphepo inali yoti izidutsa kunsi n'kumaumitsa chinyezi. Kulikulu anaivomera, anaiyamikira kuti ndi njira yosawononga chakale. Panatsala chinthu chimodzi. Injinyera anatseka chitseko cha ofesi n'kukhala moyang'anizana nane.

"Nyumba ya mu kompyuta ikuyenera kupita yonse," anatero. "Aliyense wodziwa kupaka mitundu adzaona zimene tinaona. Adzafunsa. Ine sindingakulamuleni kuti mufufute. Ntchitoyo ndi yanu, dzina lolembedwapo ndi lanu."

Anatuluka n'kundisiya ndi kompyuta. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana timadontho tija. Sinyoro Matiasi ankandilankhula m'khutu ngati aima kumbuyo kwanga ndi fodya wawo: ukasiya chimene chilipo, waba. Ndinawayankha mumtima kuti abwana, pepani, izi si zathu, tinaziona mwangozi. Ndinazunguliza mzere m'tsinde mwa makoma onse, wowongoka bwino, kusankha pansi ponse, n'kufufuta. Ndinafufutanso m'makina a miyendo itatu, ndi m'kabokosi kosungiramo zapadera. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza.

Pamsonkhano wa pakanema ndi a kulikulu, katswiri wina anaitsegula nyumbayo pamaso pa onse. Makoma analipo, mizati, denga, mpaka chisa cha namzeze. Koma kunsi kunali mdima wokhawokha, mizati ikulendewera pachabe. Anaseka. "Madala aiwala pansi! Ndiye vuto lopatsa okalamba makina." Ena anaseka naye. Injinyera anatsegula pakamwa, ine ndinamutsogolera. "Inde, ndinaiwala," ndinatero. Zinandiwawa, sindibisa. Munthu amene sanaiwalepo ngakhale kasomali, kupuma ntchito ndi dzina la woiwala pansi pa nyumba. A kulikulu anati tikayezenso, koma pamene kalata yawo inkafika matabwa anali atakhomedwa kale. Mpaka lero mukaitsegula pafoni, nyumbayo ilibe poponda.

Nditapuma

Nyumba inatsegulidwa mvula itatha, ine ndili kale pa reforuma, nditapuma ntchito. Anandiitana ngati mlendo. Panali zolankhula, nyimbo, fungo la paini watsopano. Mkati munali musanaikidwe kanthu, pansi pali see, posalala kuchokera kukhomo mpaka kumapeto. Akuluakulu atatuluka kukadya, analowa amayi okalamba, si awiri aja okha, ambiri ndithu, ena amene ndinkawaona pamsika zaka zonse osadziwa kanthu. Anavula nsapato. Sanalire. Anangoyamba kuyenda, aliyense njira yake, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woyenda mowongoka. Uyu afika apa, apatuka, azungulira malo opanda kanthu, apitirira. Uyo chimodzimodzi. Mlonda anandinong'oneza kuti agogowa akuopa kuterereka. Ine ndinaima pakhomo ndikuyang'ana mapazi awo, chifukwa chithunzi chimene ndinafufuta mu kompyuta m'mutu mwanga chinakana kufufutika, ndipo phazi lililonse linkapatuka pamene panali kabuluu.

Amayi anu analowa pomalizira, koyamba chichokereni m'nyumbamo. Ndinayesa kuyang'ana kumbali koma maso anakana. Anayenda pang'onopang'ono, anafika pena, anaima, n'kuzungulira. Ndinati mumtima, ndi pamenepo. Ndinayesa kuti atembenuka azibwerera. Koma anapitirira cha kutsogolo, anaimanso pena, n'kuzunguliranso.

Pobwerera ku Sanjala tinadzera msewu wa fumbi uja. Titafika pafupi ndi kwathu, amayi anu anatembenukira kwa ine.

"Munaona?" anafunsa.

"Ndinaona."

"Basi, mwaona."

Pamene ndinkayamba kulemba mutu uno ndinawapempha chilolezo. Anati, "Lembani, ana adziwe. Koma malo musalembe." Ndiye sindilemba, ndipo musadzandifunse, ngakhale iwe Tomé. Mwambo umati amenewo sawerengedwa, ndipo ine sindikutsutsana nawo. Ndikungokuuzani kuti mukadzandiona ndalowa m'Nyumba ya Matumba, bambo wanu wowongola makalendala a eni, ndikuyenda mokhotakhota pamatabwa osalala, musadzandigwire mkono. Sindinaledzere.